Kalulu Wofiirira wa ku Al Barsha

Fungo la udzu wouma wa m'mapaketi limandikwiyitsabe mpaka lero. Ndinali sitandade folo pamene amayi anandiitanitsa kuchokera ku Zomba kuti ndikathere tchuthi ku Dubai, kumene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Barsha. Mabwana awo anali atathawa kutentha, atapita kwawo ku Ulaya. Chinyumba chonsecho tinatsalamo awiri, makatani otseka, makina oziziritsa akung'ung'udza tsiku lonse. Ukatsegula chitseko cha panja, mpweya unkakuwomba kumaso ngati wa mu uvuni.

Nditangofika, amayi anandilowetsa m'chipinda china chapansi. Pakona panali kalulu, koma osati wonenepa ngati a m'makola a kwathu. Uyu anali wowonda, wamiyendo italiitali, msana wopindika, makutu ali njo, ubweya wofiirira ngati njerwa yootcha. Ndinati ndi wakutchire. Amayi anati ayi, ndi woweta, mtundu wosowa wa ku Belgium.

"Ndi wako ameneyu, Tadala," anatero. "Umusamale."

Ine kukhulupirira, ndi mtima wonse! Ndinamutcha Njerwa. Anali wamantha zedi. Supuni ikangogwa kukhitchini, ankalumpha n'kukadzigunda kukhoma. Ndinakhala pa matailosi ozizira masiku ambiri, osagwedezeka, dzanja nditatambasula, mpaka tsiku lina anabwera n'kudya tsamba m'manja mwanga, ndevu zake zikundigirigisha. Kuyambira pamenepo zonse zinali ine: kusintha udzu, kutsuka mbale ya madzi, kumupesa, kuwola zitosi. Masana ndinkamutsegulira kuti athamange m'khonde lalitali la m'kati, zikhadabo zikulira pa matailosi. Panja sankatuluka, dzuwa likanamupha.

Ndinatola katoni ya madzi a m'mabotolo, n'kuibowola tizibowo ndi foloko, yoti adzakwerere ndege. Nditawaonetsa amayi, anangoti "inshallah, Mulungu akalola" n'kupitiriza kusita. Sanandiyang'ane n'komwe.

Kenako mabwana anabwerako. Mwana wawo wamwamuna, wamsinkhu wanga, anandidutsa ngati mpando, akufuula dzina lina lachizungu, n'kumunyamula Njerwa. Adona anamuyang'ana makutu ndi zikhadabo, n'kutembenukira kwa amayi akumwetulira. Chingerezi changa chinali choperewera, koma ndinamva zonse: adona ankati amayi ananena zoona, kamtsikanaka kasamala bwino kalulu wa mwana wawo.

"Ndi wanga!" ndinakuwa m'Chichewa. "Amayi, auzeni kuti ndi wanga!"

Amayi ananditsina pamkono, nkhope ikusekererabe adona. "Khalas, basi, Tadala. Usandichititse manyazi pano."

Abale, ndinapsa mtima. Sindinakwiyire mzungu, ayi. Iye sanandilonjeze kanthu. Ndinakwiyira amayi anga, amene anandiona ndikubowola katoni ija iwo akudziwa. Masiku otsalawo ndinawathera m'kachipinda kawo kuseri kwa khitchini, ndikumva zikhadabo zikudutsa m'khonde, wina akumuthamangitsa mwaphokoso mmene Njerwa sankafunira. Pabwalo la ndege amayi anatambasula manja, ine ndinapinda anga.

Pa nthawiyo ndinkati amayi ndi abodza, basi. Nditakula anandiuza kuti adona anali atakana zaka ndi zaka kuti mwana wa wantchito agone m'nyumbamo. Anavomera pokhapokha amayi atanena kuti ntchito yawachulukira, kaluluyo akufunika womusamala payekha. Popanda kaluluyo, chaka chimenecho sindikanawaona amayi. Ndimamvetsa, ndipo ndinawakhululukira. Koma akanangondiuza kuti ndi ntchito, ndikanaigwira bwinobwino popanda kumukonda.