Anandiphunzitsa kuloweza, osati kufunsa

Inu owerenga, ine ndinakhoza bwino mayeso a zachipatala, koma mwana wanga woyamba ndinamuika m'manda ndi matenda amene dzina lake ndinkalitchula ngati nyimbo.

Kwathu ndi ku Balaka. Nthawi ya chipani chimodzi ndinapita kusukulu ina ya mishoni kukaphunzira ntchito yothandiza dokotala. Mphunzitsi wathu ankalemba pabolodi, ife n'kumakopera, m'mawa mwake n'kulakatula. Mnzathu wina atafunsa chifukwa chimene mankhwala ena sagwira kwa odwala ena, anamutcha wosokoneza ndipo anamubweza kwawo. Masiku amenewo dzina limenelo silinali lamasewera. Tonse tinasoka pakamwa.

Chaka chomaliza ananditumiza kukazolowera ntchito pa kachipatala kena m'dera la Kawinga. Kumeneko ndinaona chinthu chondisowetsa mtendere. Makanda ankabwera asanatuluke n'komwe m'chikuta, nsagwada zitauma, thupi litakungika, osatha kuyamwa. Anali kafumbata. Ambiri ankachokera mudzi umodzi wa kuseri kwa dambo, ndipo ankatisiya tikuona.

Nditabwerera kusukulu ndinalimba mtima, ndinapempha kuti ndikayende m'mudzimo ndikaone chimene chinkachitika mayi akamachira. Mphunzitsi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Kafukufuku ndi wa madokotala a ku Ulaya. Iwe loweza zizindikiro, ukhoze mayeso."

Ndinaloweza, ndinakhozadi. Anandibweza pa kachipatala komweko, ndipo mwa tsoka langa mtima unakagwa pa mtsikana wa m'mudzi womwe uja, ndipo ndinamukwatira. Makanda ankabwerabe, ine n'kumabaya jakisoni monga buku linanenera, koma phazi langa silinapiteko kukafunsa. Chilakolako chofuna kudziwa chinali chitafa kalekale, ndipo sindinazindikire kuti chafa.

Mkazi wanga atatopa, apongozi anamutenga kuti mwana woyamba akabadwire kwawo kumudzi kuja, monga mwa mwambo. Ine ndinali ku Ntaja kukatenga mankhwala. Anabadwa mwana wamkazi wonenepa bwino. Sabata isanathe anasiya kuyamwa. Nditamugwira nsagwada ndinadziwa zonse, ndipo manja anga analibe chochita. Ndinalira ngati si ine wachipatala.

Titachoka kumanda m'pamene ndinafunsa funso limene ndinalisunga zaka zonsezo, loti mchombo amausamala bwanji. Apongozi anandiuza mosabisa kuti azamba a m'mudzimo amadula ndi kachitsulo kamodzi kakale, n'kupaka dothi la pakhomo kuti pachilonda paume msanga. Apo ndiye pamene kafumbata ankalowera.

"Iyayi, sitinkabisa, bambo. Palibe anatifunsapo."

Inu amene mumaphunzitsa ana azachipatala, mwana akakweza dzanja musamuopseze. Ndipo inu ophunzira, mukaona chachilendo pitani mukafunse, ngakhale buku lisanene. Paja safunsa anadya phula. Ine yankho linali kuseri kwa dambo, ulendo wa njinga, koma ndinakalimva nditanyamula khasu lokwirira mwana wanga.