Mota ya aNachisale Itawazidwa Tinta

Anthu a ku Lifidzi ankaizindikira mota ya a Fernanda, njinga yawo yamoto, isanatulukire pachitunda. Akamva kulira kwake, amayi a m'madimba ankaweramuka n'kufunsana kuti kodi lero ndi kwa yani, chifukwa kumene yalowera kunkakhala mayi wapakati amene nthawi yake yakwana. A Fernanda, omwe ambiri ankawaitana ndi mfunda wawo kuti aNachisale, anali azamba. Ntchitoyi anaiphunzira kwa masisitere akali mtsikana, ndipo kwa zaka zambiri ankayenda pansi, atasenza bokosi la malumo, ulusi ndi nsalu zowiritsa.

Mota inali ya amuna awo, a Silvestro, amene anakhalitsa ku Halale akugwira ntchito m'galaja. Anabwera nayo mu 1967, yakuda bii, yonyezimira, kutsogolo kwake kuli galasi lalitali lapulasitiki lotchinga mphepo. Koma sanaidyerere nthawi yaitali. Maso awo anayamba kuchita nkhungu, ndipo pofika chaka chachiwiri sankathanso kusiyanitsa munthu ndi chitsa. Abale anati aigulitse. Iwo m'malo mwake anatengera akazi awo pabwalo la mpira, nawaphunzitsa kuyendetsa. Ankaima pakati pa bwalo akumvetsera injini, n'kumafuula kuti, "Sinthani tsopano, ikulira ndi ululu imeneyo." A Fernanda anagwa kangapo, anthu anaseka, ena ananena kuti mkazi wotangadza chitsulo alibe mwambo. Zonsezo zinatha tsiku limene anafika m'nthawi yake kwa mayi wina amene akanatsirizika akanati adikire woyenda pansi.

M'nyengo yachisanu ya 1971 anawaitana ku Domwe. Mkazi wa telala wina, amene ankakhala kuseri kwa kantina, sitolo ya pamalopo, anali atavutika kuyambira dzulo lake. A Fernanda anaimika mota m'mbali mwa khoma la kantinayo n'kulowa m'nyumba osacheuka. Sanaone kuti padenga panali msuweni wawo Romano, amene mwini kantina anamulemba ganyu yopaka malata tinta yofiira. Romano anali munthu wokonda njira zachidule. Poona kuti burashi ikumuchedwetsa, anasungunula tintayo, naithira m'bomba lopopera mankhwala a mbatata, n'kuyamba kupopera. Mphepo ya mwera inkawomba kuchokera kumapiri, ndipo theka la tintayo silinafike pamalata.

Mwana anabwera ndi miyendo. A Fernanda analimbana naye mpaka dzuwa linapendeka, ndipo atamva kulira kwake anasamba m'manja natuluka, msana ukuwawa koma mtima uli m'malo. Anapeza anthu atazungulira mota. Thanki, chishalo, magalasi oonera kumbuyo, zonse zinali tuu ndi timadontho tofiira, ngati mwana wodwala chikuku. Romano anali atagwada kutsogolo kwake ndi kansanza konyowa gazolina, mafuta oyendetsera mota, akukhula pangodya ya galasi. Pamene anakhulapo panali patayera mbuu, osaonekanso kuseri.

"Leka pomwepo," anatero a Fernanda. Sanakweze mawu.

"Asuweni, ndimati ndikonze musanatuluke."

"Ndaona mmene wakonzera. Chotsa dzanja lako."

Ulendo wobwerera unali wovuta. Dzuwa likawomba pagalasipo, kutsogolo konse kunkasanduka utsi wofiira, moti ankayenda atasuzumira kumbali, mphepo ikuwatulutsa misozi. Pa mlatho wina wamitengo anangotsala pang'ono kugunda ngolo ya chimanga. Chimene chinkawalemera kwambiri sichinali msewu ayi, koma mmene akawauzire amuna awo, amene ngakhale sankaona, m'mawa uliwonse ankaipukuta motayo ndi manja awo.

A Silvestro anamvetsera nkhani yonse ali pampando wawo pakhonde. Kenaka anati, "Ndifikitseni pamene ili." Anayendetsa zala pathanki pang'onopang'ono, nakwera nazo pagalasi, mpaka anafika pangodya yowonongekayo. 

"Apa ndiye papita, gazolina imadya pulasitiki," anatero. "Koma kwinaku tinta yangokhala pamwamba, sinalowe. Ichoka, aNachisale, bola tisaipsere mtima."

Mawa lake anayamba ndi zitsulo. A Fernanda ankanyowetsa kansalu kofewa ndi palafini, n'kukagoneka pathanki kanthawi kuti tinta ifewe, kenaka n'kupukuta mopepuka, n'kutsuka msanga ndi madzi a sabau, sopo wochapira, kuti utoto wakuda wapansi usafooke. Galasi ndilo linawaimitsa mutu, popeza a Silvestro anakaniza chilichonse chonunkha ukali. Ku Halale ankagwiritsa ntchito mafuta ena ake a m'chitini amene kuno kunalibe. A Fernanda anaganiza za mafuta a nsatsi omwe ankadzoza amayi ochira, nayesa pamalo pang'ono m'mphepete. Atawasiya kuyambira m'mawa mpaka masana, kadontho kamodzi kanasuntha pansi pa chikhadabo chawo. Anaitana amuna awo kuti adzakhudze, ndipo onse awiri anaseka.

Anasema kansungwi kopyapyala, nakasalaza nsonga pamwala kuti kasakande, n'kumakankha nako timadonthoto kamodzikamodzi. Maso a a Fernanda akawauza kuti pano payera, a Silvestro ankadutsapo ndi nsonga za zala n'kunena kuti, "Pano patsala, ndi apanso." Mawanga amene munthu sakanawaona mpaka dzuwa litawombapo, iwo ankawapeza onse. Chiyambire amuna awo kudwala maso, a Fernanda anali asanawaone akudzuka ndi changu chotere. Ankafika pamota madzi osamba asanatenthe, ndipo ankaimba nyimbo za Chishona zimene anasiya kalekale.

Anansi ankabwera kudzaonerera. Wina anati angomasula galasilo n'kulitaya, popeza mota zambiri zimayenda popanda. A Fernanda anamufunsa ngati anayendapo m'bandakucha wa mwezi wa Juni kuchokera ku Lifidzi kukafika kumalire, chifuwa chili pamtunda. "Komanso inabwera ndi galasi lake," anatero, "ndipo ikhala ndi galasi lake."

Ntchito ili mkati, kunabwera uthenga wa mayi wina wa kutsidya kwa dambo. A Fernanda anasenza bokosi lawo n'kupita pansi monga kale. Pobwerako madzulo anapeza Romano atakhala pansi pafupi ndi gudumu lakumbuyo, akupukuta masipoko limodzilimodzi, a Silvestro akumulondolera. Anali atabwera ndi nkhuku yopepesera ndi chubu cha mankhwala otsukira mano, chimene a Silvestro anamutuma kuti akatenge kukantina.

"Asuweni, ndabwera kuti mundikalipire bwinobwino," anatero Romano. "Tsiku lija munandisiya ndi ludzu."

"Ndikukalipire ndi mphamvu ziti? Ndamva kuti denga la kantina lili ngati kambuku, mbuzi za eni ake zafiira, ndipo iwe ukadali ndi dzina la mmisiri."

"Mbuzi imodzi yokha, asuweni."

A Fernanda analephera kudzigwira, naseka. Nkhuku ija anaipha tsiku lomwelo, Romano nadya nawo.

Mankhwala otsukira mano aja anali omalizira. Ankapaka pang'ono pakansalu kofewa ka chitenje chakale, chimene kuno amati kapulana, n'kumazungulitsa pagalasi mpaka timikwingwirima tonse tinazimirira. Ngodya imene inapsa ndi gazolina anaidula ndi kasowo, nasalaza m'mphepete mwake, n'kudulanso ngodya inayo kuti zifanane. Atatsuka ndi madzi oyera, a Fernanda anaima kumbuyo kwa chiwongolero nayang'ana. Anaona mitengo ya mapichesi kumunsi kwa munda, ndi mwana wawo Berta akubwera kuchokera kuchitsime, ngakhale maluwa a pa kapulana yake.

"Mukuona chiyani?" anafunsa a Silvestro.

"Zonse, atate a Berta. Likuposa mmene linalili."

Lamulungu lotsatira anavala zoyera napita ku Misa pamota, a Silvestro ali kumbuyo atagwira m'chiuno mwa akazi awo, chipewa atachikanikiza ndithu. Atatuluka m'tchalitchi, amuna anazungulira mota kufunafuna dontho lofiira. Wina anagwada mpaka kusuzumira pansi pa thanki. Atafunsa kuti anapita nayo kugalaja iti, a Fernanda anayankha kuti galaja yake ndi khonde la kwawo, ndipo mmisiri wake ndi uyo waima apoyo. A Silvestro anangokonza kolala ya jekete lawo.

Zaka zotsatira zinali zankhondo. Misewu inadzaza ndi asilikali, gazolina inkasowa, ndipo nthawi zina a Fernanda ankaipeza kwa amalonda a ku Kalomwe m'mabotolo. Pamalo ofufuzira anthu ankawaimitsa, n'kutsegula bokosi lawo, n'kuwalola kupita. Sanasiye kuyenda. Pamene dziko linkalandira ufulu mu 1975, iwo sanapite nawo kubwalo kumene anthu ankavina, chifukwa m'mawa wa tsikulo anawaitana kumudzi wina wa kuphiri, kumene kunabadwa mapasa, onse awiri amoyo.