Ndalama za Malume Zinkanunkhira Tiyi

Ndinanyamuka Loweruka m'mamawa, nkhungu ikadali pamwamba pa tiyi. Kwa akapitawo a ku esiteti ndinali nditapempha tsiku limodzi, ndinati ndili ndi kabizinesi ku boda. Kabizinesi kake kanali m'sokosi: mapepala atatu a ndalama za ku Mozambique, lililonse lolembedwa 100,000.

Ndifotokoze kaye. Bambo atamwalira, malume a ku Milange anabwera kumaliro ndi kupatsa mayi ndalama zimenezi ngati chipepeso. Mayi anaziika m'chitini cha masamba a tiyi, akuti njenjete siziyandikira. Malumewo nawonso anapita kalekale, koma chitini chili chikhalire. Chaka chino denga la mayi linayamba kudontha. Mnzanga wina anandionetsa pafoni kuti metikali imodzi, ndalama ya ku Mozambique, ikugula makwacha opitirira makumi awiri. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, koma kuwonkhetsa ndimatha. Mutu unazungulira. Malata! Mwinanso ndi simenti yomwe. Lachisanu ndinasasula udzu wonse padenga la mayi. Inde, wonse. Mitambo ikuonekera kale ku Mphuka.

Wa kabaza ya njinga yamoto ananditengera K4,000 kuchokera ku Masambanjati mpaka pa boma. Pokambirana mtengo sindinalimbe n'komwe, munthu wa mamiliyoni salira faifi handiredi. Pa Thyolo ndinakwera minibasi ya ku Muloza, K10,000, anayi pampando wa atatu. Pa Luchenza tinaima nthawi yaitali, kondakitala akukuwa kuti watsala munthu mmodzi, koma analowa asanu ndi nkhuku zawo. Ndinagula nyemba za kalongonda za K500 kwa mayi wina. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, mwendowo mukuugwiragwira bwanji, uli ndi chilonda?" Ndinati ayi, ndi nyerere chabe.

Tinafika pa Muloza dzuwa lili paliwombo. Anyamata osintha ndalama anandizinga, mipukutu m'manja. Nditavula nsapato n'kutulutsa zanga, mmodzi anazinunkhiza.

"Madala, izi ndi ndalama kapena tiyi? Tiwiritse madzi?"

Onse gwa! kuseka. Wina anati, "Apititseni kwa a Namakhwa, ndi amene amadziwa za akufa."

A Namakhwa ndi bambo wachikulire, amagulitsa sopo ndi zitenje pakhonde lina chapafupi, ndipo kale ankasintha ndalama. Anandipatsa mpando asanafunse chilichonse. Tinalonjerana m'Chilomwe. Kenako anatenga mapepala aja ndi manja awiri, ngati akulandira mwana wakhanda.

"Mwazisunga bwino," anatero. "Koma mwana wanga, izi zinapuma. Ku Mozambique anadula maziro atatu n'kutulutsa zatsopano. Handiredi sauzande iyi inasanduka handiredi basi. Ndipo nthawi yokasintha kubanki inatha."

Ndinawafotokozera za malume ndi chipepeso chija. Ndinafunsa ngati palibe penapake, kaya mkati mwa Milange, kaya patsogolo. Anapukusa mutu pang'onopang'ono.

Ndiye anatulutsa kathumba pansi pa tebulo n'kukhuthula pachitenje. Abale, ndinaona zinthu. Esikudo ya nthawi ya Apwitikizi, imene agogo athu ankalipira nayo msonkho asanathawire kuno ku maesiteti. Sheleni ya m'nthawi ya mapaundi, kwacha isanabadwe. Wani tambala ya tambala weniweni ataimika khosi. Teni tambala ya chimanga, yomwe ine ndinkagulira zitumbuwa pa buleki. Ndinaigwira, mpaka fungo la zitumbuwa linandibwerera.

"Nthawi ya nkhondo," anatero, "anzathu a kutsidya ankabwera ndi metikali yodzaza jumbo, kufuna kakwacha kochepa. Kwacha inali bwana pano. Lero ndife amene tikuthamangira metikali. Ndalama ziwirizi zili ngati akazi a pamitala, lero mwamuna ali uku, mawa ali uko."

Ine ndinangoti kukamwa yasa. Munthu uyu mbiri ya mayiko awiri ali nayo m'kathumba ka shuga! Ndipo taganizani, akanatha kungonditaya ngati anyamata aja. Koma anakhala nane, makasitomala akudikira sopo.

"Malume anuwo sanakunamizeni ayi," anawonjeza. "Tsiku limene ankapereka, zinali ndalama zolemera m'manja mwa munthu wolima. Anadzimana."

Anapempha kugula pepala limodzi kuti aike m'kathumba kake. Ndinaganiza, ndinaganizanso. Ndinati ayi abambo, eni ake ndi mayi. Anaseka nati, "Mwayankha bwino." Anandilozera sitolo ya mapepala apulasitiki akuda ofolerera, nati ndikanene kuti andituma ndi iwo. Kusitoloko anandichotserako mtengo ndithu. Ndalama yotsala inangokwana minibasi, ya kabaza panalibe. Kuchokera pa boma ndinakwera lole ya nthochi yobwerera yopanda katundu, mpukutu wa pulasitiki ndikuukumbatira, mphepo ikununkha mvula.

Njira yonse ndinkayeseza mawu. Ndinene kuti banki inali yotseka? Ndinene kuti andibera? Koma a Namakhwa anandiuza zoona mosandichititsa manyazi, ndiye ndinati nanenso ndiyesa choncho.

Mayi ndinawapeza atakhala m'nyumba yopanda denga, akusenda chinangwa, kumwamba kuli mbee. Anayang'ana pulasitiki, anayang'ana ine.

"Malata ake ndi amenewa?"

Ndinagwada n'kufotokoza zonse, za maziro, za esikudo, za akazi a pamitala. Pamenepo anaseka pang'ono. Kenako anatambasula dzanja, ndinawapatsa mapepala aja. Anawawongola pabondo limodzilimodzi, n'kuwabwezera m'chitini, n'kuthira masamba pamwamba.

"Ndiye kuti zinatsatira mwini wake," anatero. "Zisiyeni zigone."

Ine chimene ndinaphunzira n'chakuti ndalama nayo imakalamba ngati munthu, ndipo denga susasula usanaone malata ndi maso. Ndinafuna kuwauza mayi zimenezi, koma anali atandipatsa kale chikwakwa.

"Udzu uli kudambo. Uja wa dzulo unausasula wekha."