Tsiku Limene Tinasewera Nkhondo

Nthawi imene dziko linkachoka m'manja mwa chipani chimodzi, ine ndinali mphunzitsi pasukulu ina kufupi ndi kwa Mponda. Kwathu ndi kumapiri, kunyanja linanditumiza ndi boma, ndipo Chiyao changa chinkathera pa moni. Masiku amenewo pakamwa pa anthu panali patangomasuka kumene. Munthu amene dzana ankanong'ona ngakhale ali m'nyumba mwake, lero ali pamsika kutambasula malamulo a dziko. Abale inu, tinalankhula!

Loweruka lina masana tinasonkhana m'kalasi mwanga: asodzi, ashehe, akatekisiti, amayi a pamsika ndi ife a ntchito za boma. Funso linali lakuti mavoti akadzatha dziko lidzayenda bwanji, nanga ife tikonzekere chiyani. Wotsogolera anali mkulu wina wopuma pa ukalaliki. Ataona kuti aliyense akungolalikira, anati tigawikane patatu, gulu lililonse likonze sewero. Loyamba lionetse dziko litayenda bwino, lachiwiri litangosintha nkhope za olamulira, lachitatu zinthu zitavuta mpaka nkhondo. Kumeneko nkhani ikalemera ankaiika m'sewero, ngakhale za kolera tinkaphunzitsana choncho.

Gulu lachitatu linasowa mtsogoleri. Kenako wina analoza amayi amene ankagulitsa zitumbuwa pageti pa sukulu. Amayiwa anathawa nkhondo ku Mozambiki, ndipo anali atakhala pakati pathu zaka zambiri m'kanyumba ka kuseri kwa mzikiti. Voti analibe. Kumsonkhanoko anabwera chifukwa kwawo nkhondo inali itatha, malole obweza anthu anali atayamba kunyamula, ndipo iwo ankafuna kudziwa chochita, kukwera kapena kutsala. Chimene chinkawagwira ndi mwana wawo wamkazi wa m'kalasi mwanga, Sitandade 8, mutu wakuthwa zedi. Kutsidya kwa malire sukulu ndi ya Chipwitikizi. Akanakayambiranso pansi, ngati akanayamba n'komwe.

"Inu ndi amene mukuidziwa nkhondo, amayi," anatero mkulu uja. "Tiphunzitseni."

Anavomera mosanyinyirika. Mfuti za mapesi anazikana. Anaphunzitsa gulu lawo kathawidwe: khasu umagulula mpini n'kutenga chitsulo chokha, mchere umamangirira m'chiuno, khanda umalipatsa bere lisanalire. Mbali ya oyambitsa chipolowe anawasiyira anyamata a kudoko kuti adzipangire okha.

Tsiku la masewero anthu anadzaza bwalo la sukulu. Sewero loyamba linali logonetsa tulo: aliyense ali ndi injini pabwato, kuchipatala mankhwala mbwee, basi. Lachiwiri linaseketsa, msodzi wina atavala jekete n'kumalonjeza mlatho pamalo popanda mtsinje. Lachitatu linayamba bwinobwino. Ndiye anyamata aja analowa ndi zibonga, akufuula kuti chipani chawo chaberedwa, obwera onse achoke. Panafunika khomo loti agogode. Pabwalo panali mabenchi oimira nyumba, koma iwo anawadutsa n'kulunjika pamene amayi aja anakhala ndi beseni lawo, kunja kwa sewero. Anawazungulira. Wina ananyamula beseni, wina n'kumawafunsa chiphaso m'Chipwitikizi chabodza. Bwalo lonse linafa ndi phwete. Ena ankakuwa kuti, "Kuseri kwa mzikiti! Kuli enanso kumeneko!" Amayiwo anaseka nawo pang'ono. Beseni linabwezedwa, ndipo palibe chitumbuwa chimene chinasowa.

Gulu lachitatu ndilo linapambana. Pokambirana pambuyo pake tinagwirizana zanzeru ndithu. Tinati ashehe ndi akatekisiti aziyendera limodzi misonkhano ya zipani, ndipo tsiku la voti pasapezeke wovala nsalu ya chipani pamzere. Tinabalalika okhutira.

Patapita masiku, amayi aja anabwera kunyumba kwanga m'mawa, mwana ali pambuyo atanyamula mabuku a sukulu oti abweze. Anakhala pamkeka, tinalonjerana, kenako anati akalembetsa malole.

Ndinakwiya, sindibisa. Ndinati, "Amayi, mayeso ayandikira. Mwanayu asankhidwa kupita kusekondale, ndithu ndikukuuzani. Lija linali sewero chabe. Anyamata aja amakukondani, zitumbuwa zanu amadya tsiku ndi tsiku."

"Ndikudziwa, aphunzitsi," anatero. "Ndi ana abwino. Koma ine sindinawauze khomo loyambira. Analipeza okha, osafunsana n'komwe."

Ndinapempha kuti andisiyire mwanayo, akhale ndi ine mpaka alembe mayeso. Anandiyang'ana kanthawi, mwaulemu, n'kundifunsa kuti kodi ineyo kwathu n'kuti. Ndinatchula boma la kwathu. Anagwedeza mutu, nati kuseri kwa mzikiti kukatha anthu, obwera otsala tikhala ife a m'nyumba za aphunzitsi, ndiye mwana wawo angamusiye bwanji pakhomo lachiwiri kugogodedwa. Ndinalandira mabuku aja n'kuwaika pawindo.

Mavoti anabwera, anadutsa. Kudera kwathu sikunasweke ngakhale galasi la zenera. Anyamata a kudoko anaima pamzere mwaulemu, ena n'kumapatsa malo okalamba. Pena ndimati amayi aja anafulumira, pena ndimati munthu amene anaonapo mudzi ukupsa sungamuphunzitse kununkha kwa utsi. Sindinafike pogamula.

Wamalonda wina wa kumalire anadzandiuza kuti kumudzi kumene anafikira sukulu inali itaotchedwa kalekale, ndipo mtsikana uja anakwatiwa mvula isanagwe. Zinandipweteka, mpaka lero zimandipweteka. Mwa ana amene analemba mayeso chaka chimenecho anasankhidwa mmodzi yekha, mnyamata amene ankakopera masamu kwa mtsikana uja.