Jombo za Tekitivi Pakhomo la Mzikiti

Masiku a chipani chimodzi aja, ndikusoka zovala pakhonde la sitolo ku Nkaya, apolisi anatitumizira tekitivi kuti azimvetsera zokamba zathu ndi kufufuza amene ankazembetsa shuga pa sitima ya ku Nayuchi. Munthuyo anabwera ngati wogula nsomba zouma, atavala mkanjo ndi kachisoti koyera. Zonse anakonza bwino, koma jombo za boma zinamukanika kuzisiya.

Lachisanu loyamba analowa nafe mumzikiti. Potuluka tinapeza pakhomo, pakati pa mapatapata athu okutha, paima jombo ziwiri zakuda, zopolishidwa mpaka kuonerapo nkhope. Palibe amene anaseka. Kungoyambira tsikulo tinkamupatsa moni waulemu, "Mwaswera bwanji, achimwene?" ndipo akangokhala pansi, aliyense ankayamikira boma ngati tili pamsonkhano wa chipani. Ndikhulupirira kuti mabwana ake ku Balaka ankawerenga malipoti n'kumati ku Nkaya kumakhala angelo okhaokha, uku shuga akudutsa matumbamatumba.

Atamusamutsa tinadandaula zenizeni. Amene anabwera m'malo mwake ankavala mapatapata ngati ife, ndipo tinamudziwa mochedwa, mlamu wanga atakwezedwa kale m'galimoto ya polisi.