Mmene Ndinafupikitsila Mbili ya Atate Aakulu

Ndinadzuka tambala asanalile, msana ukuwawa chifukwa cha thumba la feteleza limene ndinagonapo pabwalo. Azimai a kwaya anali atasasa mawu ndi nyimbo za usiku wonse, ena akusonkha moto kuseli kwa nkhokwe. Mitambo inali itada cha ku Msanzala.

Tinali kuika atate aakulu, akulu awo a atate anga. Atapuma uphunzitsi ku Nyimba, anadzipatsa ntchito yogula nyuzipepala ziwili, yaikulu ya nkhani za boma ndi yaing'ono ya mikangano, n'kumawelenga ndi pensulo kuchuluka kwa mawu m'chiganizo chilichonse. Yaikulu inkapambana pa kutalika, yaing'ono pa kumveka. Akazi awo, amai aakulu, sanapite patali ndi sukulu, ndiye madzulo atate aakuluwo ankawawelengela yaikuluyo moidula-dula m'Chinyanja mpaka amve. Ankati chiganizo chothetsa mpweya n'chankhanza.

Dzuwa litakwela, anthu anakhamukila pa njinga ndi pa minibasi, ena pa lole kuchokela ku Petauke. Ambili anali ophunzila awo akale, ena a imvi.

Mwana wawo wa ku Lusaka anabwela ndi mbili ya malemu yoti iwelengedwe kumanda, masamba ambilimbili a Chingelezi. Nditaisuzumila, chiganizo choyamba chokha chinandibanikitsa. Amai aakulu akanangomvapo dzina basi. Ndinabisala kuseli kwa khola, n'kulemba yanga yaifupi m'Chinyanja, n'kuisinthanitsa ndi ya Chingelezi ija m'Baibulo la mkulu wa mpingo pamene iye ankasamba m'manja. Kuchenjela kwa manja angawa anzanga a kusukulu amakudziwa.

Tinapelekeza bokosi pang'onopang'ono, fumbi likuuluka. Kumanda mkuluyo anafunyulula pepala, anakhosomola, anayang'ana kumwamba kumene kunkagunda, n'kuyamba:

"Anaphunzitsa ana. Sanamenyepo aliyense. Njinga yawo inalibe mabuleki. Ankawelengela akazi awo nyuzipepala madzulo alionse."

Anthu anaseka misozi ili m'masaya. Wa ku Lusaka anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nkhata. Mvula inadikila mpaka adzukulu atamaliza kukwilila.

Madzulo khamu litabalalika, pakhomo panali zii. Wa ku Lusaka uja anandigwila khutu.

"Iwe, ndiwe wachita zija?"

"Ndangodulako, akulu."

"Musiye," anatelo amai aakulu ali pamphasa. "Bwela kuno, kamwana kopulupudza iwe. Undiwelengelenso."

Pepala linali litapita ndi mkulu wa mpingo, koma ndinalibe nalo ntchito. Ndinakhala pafupi nawo n'kuyamba, iwo atatsinzina.