Atazimitsa Chifani cha pa Shafuti Yakale

Amuna anga anatsalira pansi. Mwala unagumuka m'shafuti yakale ya mgodi ili kuseri kwa Freedom Park, anzawo anatuluka, iwo ayi. Opulumutsa anakumba mpaka kutopa, n'kutiuza kuti njira yatsekeka. Bokosi sitinagule, tikanaikamo chiyani?

Alamu anga, akulu awo a amunangawo, matchona okalambira pa Joni pompano, ankandiumiriza kuti ndimete. Kwathu maliro amatha ndi kumeta. Ankati madzi akatayika saoleka. Ine ndi kuuma mutu kwangaku ndinawayankha kuti ndidzameta ndikadzaona chimene ndikumetera.

Chimene sindinawauze ndi chifani. Pamwamba pa shafutiyo panali chifani chachikulu choyendetsa mpweya pansi, ndipo ngakhale anthu anasiya kulowamo chinkalirabe osapumira, poti njira zake zinalumikizana ndi migodi ina. Ndikamakazinga magwinya, zitumbuwa za kuno zomwe ndimagulitsa pokwerera mathekisi, ndinkachimva mpaka m'mano. Sindine wamisala. Ndinkadziwa kuti munthu sakhala moyo pansi pa mwala zaka zonsezo. Koma mumtima ndinkati bola mpweya ukuwafika.

Ndiye kunabwera mtsikana wa ku kampani ya mgodiwo kudzalankhula nafe m'tchalitchi, waulemu ndithu, wina akutanthauzira. Anafotokoza kuti masiku ano kampani imawerengera utsi umene makina alionse amachititsa, chifukwa magetsi a kuno amachokera ku malasha, ndipo utsiwo ndi umene ukutenthetsa dziko n'kusokoneza mvula. Apo ndinavomereza, kwathu chimanga chikungopserera m'munda. Kenako anati chifani chija chikudya magetsi pachabe, achizimitsa, pabowopo athirapo simenti, pamwamba ayalepo masola opangira magetsi a dzuwa.

"Pansipo palibenso munthu," anatero.

Alamu anandigwira mkono ndisanaimirire. Ndinapsa mtima, koma mwana wa eniyo ndikanamuuza chiyani?

Anachizimitsa m'nyengo yozizira, masanasana. Kunangoti zii. Agalu a m'misasa monse anayamba kuuwa, ndipo anthu tinayamba kulankhula monong'ona osadziwa chifukwa chake. Ine ndinapsereza magwinya poto yonse.

M'mawa mwake ndinalawirira kumpanda wa waya. Udzu uli mbuu ndi chisanu, ndinaona nthunzi ikutuluka pabowo paja popanda choikankha. Inkatuluka, n'kuleka, n'kutulukanso, ngati ya pakamwa pa munthu kukazizira. Inandifika kumaso ili yofunda, ndi fungo la mwala wonyowa, lomwe lija la ovolosi ya amuna anga ndikamaichapa. Thupi lonse linachita tsemwe. Mlonda anandiuza kuti ndi kutentha kwa pansi chabe, migodi yonse imatero. Mwina ndi zoona. Koma iyenso anaima patali.

Ndinayamba kupita m'mawa uliwonse, ndi mantha omwewo. Nthunzi inkachepa tsiku ndi tsiku, ndipo ikaleka inkachedwa kubwerera. Ndinkangozindikira kuti nanenso ndasiya kupuma, kudikira kuti itulukenso. Ine ndinadwazikapo amayi anga mpaka kumapeto, kapumidwe kameneko ndimakadziwa.

Tsiku lina ndinaima mpaka dzuwa kuyamba kuwawa, osatuluka kanthu. Magalimoto a simenti anali atafika kale pageti, oyendetsa akumwa tiyi. Misozi yomwe inakana kutuluka zaka zija inatuluka pompo, mlonda akuyang'ana kumbali.

Sindinapite kukakazinga. Ndinalunjika kwa alamu, n'kuwapeza akuothera dzuwa pakhomo, ndipo ndinagwada.

"Alamu, ang'ono anu atisiya m'mawa uno. Auzeni akazi anu abwere ndi lezala."

Anangovula chipewa.